Mwano wa aulutsi a pa TV, kodi ndi ntchito kapena ndi kusaleredwa chabe?

NaBanda_Chilenje

Muli bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yandikhala pakhosi kuyambira Lachinayi, ndayesa kuimeza yakana ndiye ndati bola ndiitule pano.

Azakhali anga, alongo awo a malemu atate, omwe anandilandira mu Lusaka muno nditachoka ku Chadiza ndili kamtsikana, amagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wina wa mu komboni, zaka zoposa 20 pa thebulo lomwelo. Mvula itayamba anzawo a pa msika anawasankha kuti akawaimire pa pulogalamu ina ya pa TV yokamba za zinyalala ndi ngalande zotsekeka, poti aliyense akali kukumbukira kolera ya 2024 ija, Heroes Stadium mpaka kusanduka chipatala, ana osatsegulira sukulu mpaka February. Dzina la siteshoni sinditchula ndipo chonde musabwere ku inbox kudzandifunsa.

Mayi aja anakonzekera ngati akupita ku ukwati. Chitenje chatsopano, duku, mfundo zawo zinayi anandiuza ndiwalembere pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, takisi ndinalipira ine. Mu situdiyo anawakhazika ndi bwana wina wa suti wochokera ku maofesi. Muulutsi wake ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo wachitatu. Kwa bwana uja zinali "honourable" apa "honourable" apo, kumwetulira, kugwedeza mutu, munthu kuyankhula mphindi zisanu zathunthu osanena chogwirika iye ali duu. Itafika nthawi ya azakhali, iwo mwa chizolowezi chathu anayamba ndi moni ndi kuthokoza, mnyamata kuwadula pompo ati "amai tilibe nthawi ya moni, pano si pa maliro." Funso lake ati "inu a pa msika ndinu auve, yes or no?" Iwo akuti afotokoze kuti ndalama ya tsiku ndi tsiku amapereka koma chibini chimatha masabata osachotsedwa, iye "yes or no amai." Atapanikizika anayesako ka chizungu, liwu lina linapotoka, iye kulibwereza momwe iwo analitchulira uku akuyang'ana kamera ndi nkhope yoseka. Pepala lija anangolipinda nkuliika m'chikwama, mfundo ngakhale imodzi sinamveke.

Usiku womwewo ka clip ka masekondi 40 kanali kale pa page yawo ndi tizithunzi toseka. Pano anyamata a mawilibala pa msika akuwaitana "amai yes or no", iwo akuseka nawo koma ine ndikuwadziwa, kuyambira tsikulo ku choir sanapiteko.

Ndiye ndikufunsa, kodi umenewu ndiye utolankhani wa masiku ano? Amawaphunzitsa ku sukulu kapena ndi khalidwe la munthu? Ndipo kodi kuli koti munthu nkukadandaula, kapena tingoti zachitika basi?

Jay_Kabwata

Ba sisi pepani maningi pa za ba aunty, zimenezo zinapitirira ndivomera. Koma ndikambeko chilungamo, ife tomwe ndi amene timafuna zimenezi. Muulutsi akakhala waulemu timati ndi wogona, timasintha channel. Ka clip kameneko mwaona kali ndi ma share angati? Amene asheya si a ku mwezi, ndi ife tomwe a mu minibasi tikudya ma bundle.

Komanso si za kuno chabe. Simon Cowell anatchuka chifukwa chouza anthu pamaso kuti simutha kuimba, Gordon Ramsay amatukwana ophika mpaka kulira koma ndi bilionea wa ma fans, pa Idols ya ku South Africa tonse tinkadikira woweruza uja Randall kuti aswa ndani lero, ma audition oipa aja ndi amene tinkakonda kuposa oimba bwino. Ku BBC Jeremy Paxman anafunsa Michael Howard funso limodzimodzi ka 12 mu 1997 ndipo mpaka lero amamutamanda nazo. Kuno tinazolowera kugwadira aliyense wovala tayi ndiye wina akangolimba pang'ono tati mwano. Ine ndimaziona ngati chimbuya chabe, ife ndi a Bemba timanyozana za mbewa ndi anyani tsiku lililonse palibe amafa.

AMwale_Chelstone

Mwana wanga Jay, ndawerenga kawiri zomwe walemba. Ndine mphunzitsi wopuma, ndinaphunzitsa ku Katete ndi kuno zaka 34, ndiye undilole ndikukonze pawiri.

Poyamba chimbuya usachinamizire. Chimbuya chili ndi malamulo ake. M'Bemba akanditcha wodya mbewa ine ndimabweza pompo za kolwe (nyani) wake, tonse tiseka, ndipo tsiku la maliro kwathu ndi yemweyo adzabwera kudzakumba manda, kudzatipaka ufa nkutichotsa chisoni. Chimbuya ndi cha anthu awiri oti aliyense ali ndi pakamwa pobwezera. Nanga mu situdiyo muja azakhali a mnzathuyu akanabweza bwanji? Maikolofoni ndi a mnyamatayo, nthawi ndi yake, kamera ikumvera iye, chiyankhulo wasankha iye, ndipo akatha iye yemweyo ndi anzake ndi amene adula ka clip. Kumeneko si kuseleulana, ndi kumenya munthu womangidwa manja.

Chachiwiri, Paxman wamutchulayo ankafunsa ndani? Munthu woti anali atangochoka kumene pa unduna wa za m'dziko ndipo ankafuna utsogoleri wa chipani chake, munthu wodziwa kuzemba mafunso. Amenewo ndiye oyenera kuwapanikiza. Tsono taona mwano wa aulutsi athu ambiri komwe umalowera, umatsika m'munsi ngati madzi a mvula olowera ku Kanyama. Kwa wogulitsa tomato, kwa mtsikana wobwera ku audition ndi nsapato zobwereka, kwa mkulu woimba foni kuchokera ku Petauke yemwe akuyamba ndi moni. Akafika wa galimoto ya mbendera, mnyamata yemweyo mawu amafewa ngati nsima ya odwala. Ndikanaona kuti bwana wa suti uja naye anauzidwa yes or no, ndikanati chabwino mwina ndi khalidwe lake kwa onse. Koma kusankha woti umuchitire mwano ndi mantha ovala jekete.

Ndipo zoti ulemu ndi kugona, ayi. Amene munakhalako ku Chipata mukumudziwa Gogo Breeze wa pa Breeze FM. Mkulu uja amawerenga makalata a anthu a m'midzi, za feteleza wosowa, za ogula thonje ndi fodya obera pa sikelo, za mabwana osalipira antchito, ndipo akaigwira nkhani amakaifunsa komwe ili. Amadzudzula koma ndi miyambi, ndipo womulembera kalata amamutcha mdzukulu. Anthu amasiya khasu kuti amumvere. Ndiye musandiuze kuti popanda chipongwe palibe omvera.

Ndikadutsa mu Alick Nkhata Road pa Mass Media paja ndimakumbuka malemu atate ankasimba za wailesi ija ya sosipani inabwera mu 1949, mudzi wonse kuzungulira kabokosi kamodzi. Alick Nkhata yemwe msewuwo unatchulidwira anali muulutsi ndi woimba wa nthawi imeneyo, ankayenda kukajambula nyimbo za anthu wamba kuti zimveke pa wailesi. Ankapita kwa anthu ndi chipewa m'manja. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, umamusamala poti ali nawe kanthawi kochepa. Munthu wamuitana wekha, wabwera pa takisi yolipira mwana wa mlongo wake, iwe nkumuseka chizungu. Ine zinandiwawa ngati ndi mlongo wanga.

KameraTwo

Ine ndinagwirako ntchito pa siteshoni ina ya private zaka zinayi, poyamba pa kamera kenako mu chipinda cha ma switch, pano ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party ndipo mtima uli m'malo. Sinditchula komwe ndinali. Ndingokuuzani momwe zimaphikidwira kuseri, chifukwa mukamaona nkhope imodzi pa screen mumayesa ndi iye yekha.

Muulutsi amakhala ndi kachipangizo m'khutu, pulodyusa ali kuseri kwa galasi akumuuza zochita. Mawu omwe ndinawamva kambirimbiri ndi akuti "mudule, wayamba kutalika" ndi "mukanikize pomwepo, pamenepo pali clip." Mawu oti clip amenewo ndiye asintha zonse. Kale pulogalamu inali ya ola limodzi ndipo ankaiweruza ngati ola limodzi. Pano ola lonselo ndi msampha wogwirira masekondi 30 kapena 40 oti aikidwe pa Facebook ndi TikTok usiku womwewo, ndipo munthu wofotokoza bwinobwino za chibini sapanga clip, koma mayi wopunthwa pa chizungu amapanga. Mawa lake m'mawa pa meeting palibe amafunsa kuti nkhani ya ngalande inamveka, amafunsa kuti ma view afika pati.

Chifukwa chake ndi ndalama basi. Pomwe ZNBC ya boma inali yokha, TV kutsegula madzulo nkutseka ndi nyimbo ya fuko, panalibe wolimbirana naye. Mawailesi a private anayamba m'ma 1990, Radio Phoenix mu 1996, kenako ma TV, ndiye titasamukira ku digital ma channel anangoti mbwee, aliyense wa ka decoder ali ndi mndandanda wautali. Koma otsatsa malonda ndi omwe aja, ma kampani a foni, mabanki angapo, a betting, basi. Mphika womwewo, manja achuluka. Ndiye aliyense akukuwa kuti aoneke.

Za bwana wa suti zija a Mwale akamba zoona koma pali china. Nthawi zambiri mlendo wamkulu amakhala kuti nthawi ya pulogalamuyo wagula, kapena ofesi yake ili ndi ma advert pa siteshonipo, kapena ikatha pulogalamu pali ka envelopu ka transport, atolankhani amati blalizo, akale ankati ndalama ya matako. Mnyamata woti malipiro ake sanabwere miyezi iwiri, ndipo zimenezo ndinaziona ndi maso, sangaluma dzanja limeneli. Koma amafunabe aoneke wolimba, wosaopa munthu, brand yake imeneyo. Ndiye ukali wonse womwe waumeza kwa bwana amakautulira pa amene alibe envelopu. Sindikumuikira kumbuyo, ndikungoti ndi momwe zimakhalira.

Chomwe chinkandinyansa kwambiri ine ndi ma audition. Oweruza amauzidwiratu kuti iwe ndiwe wokoma mtima, iwe ndiwe woluma. Ndipo ena oti saimba bwino amawadutsitsa dala pa mzere woyamba kuti akafike pa kamera akasekedwe, mwana wasiya ntchito ya mu saluni tsiku lonse, waima padzuwa kuyambira 6 koloko, akuganiza kuti amuona luso pomwe amusankha ngati ndiwo. Tsiku lina mtsikana wina anatuluka akulira, ine ndinatsitsa kamera, ndinakalipiridwa kuti bwanji sunamutsatire mpaka pa geti. Fomu yomwe amasainitsa pakhomo palibe amaiwerenga, ndipo ili mu chizungu cha maloya.

Komabe ndinene, si onse. Ndinagwira ndi mayi wina muulutsi yemwe ankafika msanga kukakhala ndi alendo ake, kuwafunsa kuti mukufuna tiyankhule chiyani, Chinyanja kapena chizungu, ndipo pulodyusa akamuuza kuti dula ankangochotsa kachipangizo kaja nkukaika pa thebulo. Andale ankamuopa kuposa okuwa aja chifukwa ankabwera atawerenga, funso lake lachitatu munthu thukuta kamukamu. Wokuwa nthawi zambiri ndi amene sanakonzekere, phokoso ndi lobisira kuti nkhaniyo sakuidziwa.

Jay_Kabwata

Ba KameraTwo apo mwanditsegula maso, za kudutsitsa dala osaimba sindinkadziwa. A Mwale ndagonja pa chimbuya. Koma pa ma share paja sindisintha, tikanakhala kuti sitidina sakanapanga.

Tisa_UNZA

Asisi NaBanda, pa funso lanu loti kuli kodandaula, eya kuliko. Kuli IBA, Independent Broadcasting Authority, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 ngakhale inayamba kugwira ntchito mochedwa mu 2013, ndi imene imapereka ma licence a mawailesi ndi ma TV. Njira yake mumayamba mwalembera siteshoni yeniyeniyo, kalata yeniyeni osati comment, mutchule tsiku, nthawi, dzina la pulogalamu ndi mawu omwe ananenedwa, musunge copy yodindidwa kuti alandira. Akapanda kuyankha kapena yankho likakhala la mphwayi ndiye mumapita nazo ku IBA. Ka clip kaja kasungeni mu foni lero lomwe asanakachotse. M'kalatamo mupemphe zinthu zomveka, kuti clip ichotsedwe, apepese pa pulogalamu yomweyo, ndipo azakhali apatsidwe mpata wonena mfundo zawo zinayi zija m'chiyankhulo chomwe akufuna.

Koma ndichenjeze ena omwe ndawaona kwina akulemba kuti ma siteshoni otere angotsekedwa. Ndodo imeneyo taiona momwe imagwirira. Mu August 2016 chisankho chitangotha Muvi TV, Komboni Radio ndi Itezhi Tezhi Radio anaimitsidwa. Prime TV inaimitsidwa masiku 30 mu 2019, mu April 2020 licence nkulandidwa, inadzabwerera mu August 2021 boma litasintha. Pa zonsezi palibe inatsekedwa chifukwa chonyoza mayi wa pa msika, nkhani zake zinali zokhudza akuluakulu. Ndiye tikamapempha kuti atseke tidziwe kuti tikunola mpeni womwe sudzagwira ntchito yathu. Ngakhale lamulo lija loti ukanyoza pulezidenti umangidwe linakhalapo zaka zambirimbiri mpaka linachotsedwa mu December 2022, ulemu wa munthu mmodzi unali ndi ndime yakeyake mu Penal Code, wa azakhali anu uyenera kudzimenyera wokha.

Jay watchula za kunja, koma watchula theka. Ku UK komweko Jeremy Kyle Show, ija yokuwirana ndi makina oyeza bodza, ITV inaithetsa mu May 2019 bambo wina atamwalira patangopita masiku ochepa atajambulidwa pa pulogalamuyo, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo anayamba kufufuza momwe ma TV amasamalira anthu wamba obwera pa mapulogalamu otere. Jeremy Clarkson, ndi kutchuka konse kuja pa Top Gear, BBC inasiyana naye mu 2015 atamenya pulodyusa. Ndiye akuwa akuwa koma kuli mzere. Kuno tinakopera kukuwa, mzere tinausiya pa kasitomu.

China chomwe chimagwira msanga kuposa kalata, onani kuti pulogalamuyo amailipirira ndani, dzina limakhala pansi pa screen. Alembereni mwaulemu kuti kodi mukudziwa kuti dzina lanu lili pa clip yoseka mayi wa zaka zoposa 60, ndipo amayi a pa msika ndi makasitomala anu. Komiti ya pa msika ikasaina ndiye bwino kwambiri. Foni yochokera kwa sponsor imamveka mpaka kwa mwini siteshoni.

MaiTembo_Matero

Ine ndingoonjezapo pang'ono poti ambiri akamba za anyamata. Aulutsi achizimayi enanso ali ndi pakamwa, makamaka mapulogalamu a za m'banja aja, kumutenga mtsikana wathawa nkhanza nkumamufunsa pa kamera kuti unamulakwira chiyani mwamuna wako, kodi alangizi sanakuphunzitse. Zomwe alangizi amakamba kuchipinda chotseka iwo akuzikamba 19 hours ana ali pa mphasa akudya. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Sinda mwezi watha, tinakhala pa sitting room malaiti atabwera mwamwayi, ndinachita kusowa poyang'ana, remote ili kutali, mpaka ndinanamizira kuti ndiwo zikupserera. Iwo anangofunsa mwana wawo kuti kodi mtsikana ameneyu makolo ake alipo.

NaBanda_Chilenje

Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti muyankha motere. A Mwale mawu anu ndawawerengera azakhali pa foni, anakhala chete kenako ati mkulu ameneyo ndi wa kwathu eti. Ba KameraTwo mwandithandiza koma mwandikwiyitsanso kawiri, chifukwa ndakumbukira kuti tisanalowe mtsikana wina wa pa siteshoni anafunsa azakhali ngati amayankhula chizungu, iwo anati pang'ono chabe, iye nkulemba kanthu pa pepala lake akumwetulira. Nthawi imeneyo ndinayesa akufuna kuwathandiza.

Tisa, clip ndasunga. Ndayankhula ndi a chairlady a pa msika, akuti kalata asaina ndipo Loweruka akumana a komiti, ena akufuna apite onse ku siteshoni ndi zitenje zofanana koma ndawauza tiyambe ndi kalata kaye, ndikuopa angakapangenso clip ina. Azakhali poyamba amakana ati zisiyeni mwana uja ndi wa munthu angamuchotse ntchito, taonani mtima wake, iye anawaganizira? Koma nditawauza zopempha mpata wonena mfundo zija anavomera, ati chibini chija mpaka lero chikadali pompaja ndipo dzulo madzi a mu ngalande analowa mpaka pa matebulo a kapenta.

Funso lina, kalatayo ndilembe mu chizungu kapena mu Chinyanja?

Tisa_UNZA

Lembani ziwiri zonse, ya Chinyanja pamwamba. Mukamaliza nditumizireni ndikuonereni ya chizunguyo, ndili free Lachisanu ikatha class ya 14 hours.